Momwe Dokotala Chimwaza Anapezera Dzina Lake

Kuseri kwa mapiri a Tionamawa, kumene msewu wa phula umathera pa geti la hotela, kuli ufumu wotchedwa Mlendoadye. Munthu amene anachokako kalekale, n'kubwerera imvi zili mbuu, amapeza mibawa ija inadulidwa, njanji inasanduka mbaula, ndipo nyumba ya mabuku imene tinkausamo mvula ikugulitsa mafoni. Chimene chinatsala ndi ulemu basi. Umenewo analephera kuugulitsa, poti palibe dziko limene linaufuna.

Pachipata cha nyumba yachifumu, mumzinda wa Landirani, panalembedwa mwambi wa makolo ndi zilembo zagolide: MLENDO AMADZA NDI KALUMO KAKUTHWA. Wolembayo utoto unamuthera asananene kuti wometedwa ndani.

Ulemu wa ku Mlendoadye uli ndi mwambo wake, wotchedwa Musavutike. Munthu wolereka bwino salandira chinthu pa kufunsidwa koyamba. Akamuitanira chakudya amati, "Musavutike, ndadya kale," m'mimba mukulira ngati chigayo. Akamuuzanso amati, "Ayi ndithu, dyani inu." Kachitatu ndi pomwe amasamba m'manja, akuoneka ngati wokakamizidwa. Kale mwambowu unkayenda bwino, chifukwa wofunsayo naye ankadziwa ntchito yake. Ankaumirira. Palibe amene anagona ndi njala chifukwa cha ulemu, kufikira kudabwera alendo odziwa kufunsa kamodzi.

Alendowa ndi ofufuza ochokera Kutsidya. Amafika kwawo kukazizira, ndipo chimene amakonda kufufuza ndi anthu ogwira ntchito m'zipatala: alipo angati, amatopa bwanji, akuthawiranji. Anamwino a ku Mlendoadye awerengedwa kuposa ng'ombe za kudibi. Mapepala a kafukufukuyu ndinkawaona ndili kunja, m'nyumba za mabuku zofunda bwino, ndipo munthu ukawerenga mayina a eni ake unkaganiza kuti mu ufumu wonsewo mulibe wodziwa kugwira cholembera.

Pepala la kafukufuku lili ngati munda. Amene dzina lake lili pamwamba ndiye mwini zokolola. Ndiye amaitanidwa ku misonkhano, ndiye amakwezedwa, ndiye amafunsidwa nzeru ndi boma la anthu amene anawafunsa mafunsowo. Kumapeto kwenikweni kwa pepala kuli kachigawo ka tizilembo ting'onoting'ono kotchedwa Kuthokoza. Kumeneko ndi kumanda a aganyu.

Dokotala Velonika Chimwaza ankaphunzitsa pa Sukulu ya Anamwino ya Landirani. Sanali munthu wofatsa ayi. Ankakonza Chingerezi cha abusa ulaliki uli m'kati, ndipo ukamuitana kuti Mayi Chimwaza ankayang'ana kumbuyo ngati mwaitana wina. Udokotala wake unali wa mabuku, ndipo ankafuna aliyense adziwe kuti anauvutikira. Koma analeredwa ndi azakhali ake a chigwirizano cha amayi, amene ankamutsina ntchafu akatambasula dzanja msanga. Lilime linali lake, koma dzanja linali la azakhali.

Kafukufuku wa chifukwa chimene anamwino akuthawira mu ufumuwo anamuyambitsa ndi iye. Mafunso anakonza ndi iye. Iye ndi mphunzitsi mnzake, a Lufeyo Kandulu, anayenda m'zipatala zonse za kumidzi nthawi ya dzinja, akukankha galimoto m'matope, n'kumacheza ndi anamwino pakati pa odwala. Ndalama zinachokera kwa pulofesa wina wa Kutsidya, amene anthu anamupatsa dzina loti Kamame, poti mlendo ndi mame, ndipo uyu ankakamuka dzuwa lisanatenthe.

Chaka chomwecho mkulu wa sukuluyo anapita ku msonkhano Kutsidya, n'kubwerako ndi chikwama chatsopano komanso lamulo latsopano: mphunzitsi aliyense amene dzina lake silioneka pamwamba pa pepala losindikizidwa chaka chisanathe, achotsedwe ntchito. Anati m'mayiko otukuka amatero. A Kandulu lamuloli silinawakhudze, chifukwa kalekale wina analakwitsa n'kuwaika pa pepala la matenda a nkhuku. Dokotala Chimwaza analibe ngakhale nkhuku.

Sanade nkhawa. Kafukufuku anali wake, ndipo Pulofesa Kamame anali munthu wabwino mtima, wodziwa kupereka moni m'chinenero chathu ndi manja awiri. Anakumana pakhonde la hotela, pepala loyamba litatsala pang'ono kutumizidwa.

"A Dokotala," anatero Pulofesa, "mwagwira ntchito yaikulu zedi. Kodi mungakonde kuti dzina lanu likhale pa pepalali?"

Dzanja la azakhali linagwira ntchito yake. "Aa, musavutike, a Pulofesa. Ife tinkangothandizako."

Anakhala tsonga, akuyang'ana pakamwa pa Pulofesa, kudikira funso lachiwiri.

"Kudzichepetsa kwa anthu a kuno kumandikhudza mtima," anatero Pulofesa, maso ali ndi misozi pang'ono. "Mumwa tiyi kapena khofi?"

Wina angaganize kuti Pulofesa sankaudziwa mwambo wathu. Ankaudziwa kuposa azakhali aja. Pepala limene linamupatsa upulofesa linali lofotokoza mwambo wa Musavutike, ndipo mpaka lero aliyense wofuna kulemba za mwambowu amayenera kutchula dzina lake.

Pepala linatuluka. Dokotala Chimwaza anadzipeza ku Kuthokoza, pakati pa dalaivala ndi hotela. Hotelayo anaiyamikira chifukwa cha madzi otentha. Iye anamuyamikira chifukwa cha chisangalalo chake.

Pa Msika wa Tingotero, mapepala a kafukufuku ndi ofunika kwambiri, chifukwa sabooka msanga ukakulungira usipa. Unduna wa Zaumoyo umalandira mitokoma yake, ndipo mlonda amaigulitsa pa kilo. Choncho amayi a pamsika ndi okhawo mu ufumu wonse amene amawagwira mapepalawa ndi manja.

Mmodzi mwa amayiwo ndi Edesi, amene anaphunzira unamwino kalasi imodzi ndi Dokotala Chimwaza. Anagwira zaka zambiri pa Chipatala cha Bweranimawa, kenako anaona kuti usipa sufa kawiri, n'kutsegula benchi. Anthu amamutchabe Sisitala.

"Velo, wabwera kudzagula kapena kudzafufuza?" anafunsa Edesi atamuona. "Ngati n'kufufuza, yamba wagula. Masiku ano mafunso ndimayankha pa mulu pa mulu."

"Ndipatse wa mulu umodzi. Ndipo usandikulungire m'pepala limenelo."

Edesi analitembenuza pepalalo, n'kuliyang'ana chapatali, poti magalasi anasiya ku chipatala pamodzi ndi ntchito. "Si lako lija ili? Ndakusaka kutsogolo konse osakupeza. Ndinakakupeza kumchira, utakhala ndi dalaivala. Ndinati kaya mnzanga wakwatiwa."

"Anandifunsa kamodzi, Edesi."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

"Ukudziwa chimene ndinanena."

Mayi wogulitsa tomato pa benchi yoyandikana analowerera. "Nanga akanati chiyani, Sisitala? Munthu wophunzira angalumphire chinthu ngati galu wa ku butchala?"

"Inu amayi, wa ku butchalayo mwamuona nthiti?" anatero Edesi. Kenako anatsitsa mawu. "Velo, ine anandifunsa alendo osiyanasiyana chifukwa chimene ndinasiyira ntchito. Woyamba ndinamuuza zoona, analemba kuti ndinasowa chilimbikitso. Wachiwiri ndinamuuza kuti ndinalodzedwa, analemba kuti ndinasowa chilimbikitso. Kenako boma linatumiza malaya olembedwa kuti LIMBIKANI. Ndi awa ndavalawa, amagwira bwino mamba. Tsono iwe, watsala ndi mapepala angati?"

"Limodzi. Likatuluka lopanda ine, Disembala ndikubwera pa benchi yako."

"Pa benchi pano m'podzaza. Mzamba wathu uja akudikira malo kuyambira chaka chatha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mnzanga. Azakhali ako anagona kalekale, sakutsinanso."

Nkhani ya mayina inafika ku nyumba yachifumu, koma sinadzere kumsika. Inadzera Kutsidya. Osindikiza mapepala kumeneko anachita manyazi, monga amachitira pakapita zaka zingapo, n'kulamula kuti pepala lililonse lonena za dziko losauka likhale ndi dzina la munthu wa m'dzikomo. Iwowo analemba mapepala ambiri ofotokoza kuipa kosiya mayina a eni dziko. Mayina a pamwamba pa mapepala amenewo musandifunse.

Mfumu Yaikulu Sainani Wachitatu itamva, inaitanitsa bwalo. Mfumuyi inatenga dzina kwa agogo ake, amene anasaina pangano la migodi, ndi kwa abambo ake, amene anasaina la nkhalango. Iyo inapeza zosaina zitatha, ndipo inali ndi njala ya cholembera.

"Kwa zaka zambiri," inatero Mfumu, "alendo akhala akudya okha pa nkhani ya anamwino athu. Zimenezi zatha lero. Kuyambira tsopano, pepala lililonse lizikhala ndi mayina a ana a dziko lino."

Bwalo linaomba m'manja. Kumbuyo, pa benchi ya anthu wamba, Dokotala Chimwaza anagwira dzanja la a Kandulu. "Mwamva, achimwene?"

"Ndamva, Mayi. Koma tiyeni timve kuti ana ake ndi ati."

Anaimirira Nduna ya Zaumoyo, Olemekezeka a Ndilipo, amene anali atangobwera kumene kokachotsetsa dzino Kutsidya. "Mfumu, mwini dziko, mwini anamwino, mwini ngakhale matenda awo. Funso n'lakuti, mwana wa dziko lino ndani? Tikatsegula chitseko, aliyense amene anagwirako ntchito adzafuna kulowa. Ine ndikuti pepala ligawidwe monga timagawira ng'ombe ya pamwambo. Mutu kwa Mfumu, chidale kwa nduna, miyendo kwa alembi aakulu. Osenda chikopa amadziwa gawo lawo."

"Gawo lathu ndi ntchentche," anatero munthu wina kumbuyo, koma asilikali atatembenuka, onse anali akuyang'ana denga.

Pulofesa Kamame anakhosomola mwaulemu. Anafotokoza kuti kwawo dzina loyamba limakhala la amene anagwira ntchito yaikulu, ndipo pa pepala lotsala lija malowo anali atapatsidwa kale kwa wophunzira wake wina, amene sanathe kubwera ku Mlendoadye chifukwa amaopa udzudzu, koma anakonza bwino matebulo a manambala. Anawonjeza kuti malo a ulemu weniweni, a mkulu wa onse, ndi dzina lomaliza.

Nduna zimene zinkakankhana kufuna kuyandikira mutu zinayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti kwanu wamkulu amadya mchira?" inafunsa Mfumu.

"Tingatero, Mfumu."

"Anthu anzeru. Mutu ndi mafupa okhaokha. Ndipatseni mchirawo."

Pulofesa anafiira makutu, n'kunena motsitsa kuti pamchirapo ndi pamene amakhala iye. Bwalo linakambirana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo linagamula kuti Pulofesa akhale womaliza, koma dzina la Mfumu libwere pambuyo pa lomaliza. Mlembi anafunsa ngati malo oterowo alipo. Anamuuza kuti alembe, ng'ombe ya Mfumu imakhala ndi michira iwiri.

Tsono panatsala mwambo wofunsa. Lamulo la osindikiza linkati munthu aliyense wokhudzidwa afunsidwe poyera, pakhale umboni. Apa ndi pomwe ufumu wa Mlendoadye unaonetsa kuti nawo uli ndi luso. Pozindikira kuti alendo amafunsa kamodzi, nyumba yachifumu inalemba ntchito munthu wapadera, Mkakamizi wa Boma, bambo wina wa mawu a bingu dzina lake a Tengani. Ntchito yake inali kufunsa funso lachiwiri ndi lachitatu m'malo mwa mlendo, kuti akuluakulu athe kukana mwaulemu popanda kutaya kanthu.

"Olemekezeka a Ndilipo," anayamba Pulofesa, "mungakonde kuti dzina lanu likhalepo?"

"Aa, musavutike. Ine pepalalo sindinaliwerenge n'komwe."

"Chonde, Olemekezeka, tatengani," anabangula a Tengani.

"Ayi ndithu, apatseni ena."

"Mukakana mutichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Poti mwaumirira," inatero Nduna monyinyirika, mlembi wake atapereka kale kapepala kosonyeza kalembedwe ka maudindo ake onse.

Anatero ndi Nduna ya Misewu, poti ofufuza anadutsa pa msewu. Anatero ndi Nduna ya Zanyengo, poti kafukufuku anachitika m'dzinja. Mlamu wake wa Mfumu anakana mokoma kwambiri moti amayi ena analira. Pepala la masamba ochepa linayamba kuoneka ngati chipepala cha zopereka pa maliro a munthu wolemera.

Pomaliza Pulofesa anayang'ana kumbuyo, chifukwa lamulo linkati aliyense.

"A Kandulu?"

"Musavutike, bwana," anatero a Kandulu ataimirira, chipewa chili pamtima. Anayang'ana kwa a Tengani. A Tengani anali atapeza kanthu kochititsa chidwi m'chikhadabo chawo. A Kandulu anakhala pansi mwakachetechete.

"A Dokotala Chimwaza? Mungakonde kuti dzina lanu likhalepo?"

Dokotala Chimwaza anaimirira. Amene anali pafupi amati anamuona akudzisisita pantchafu, ngati pali pamene pakumuwawa. Anayang'ana a Tengani, amene tsopano anali pa chikhadabo chachiwiri. Anaganiza za Disembala, ndi benchi yodzaza ya Edesi.

"Inde," anatero. "Ndikufuna. Ndipo likhale loyamba, chifukwa kafukufukuyu ndi wanga."

Ku Mlendoadye anthu anaonapo zambiri. Anaonapo nduna ikugulitsa ambulansi, wodwala ali momwemo. Koma munthu wamkulu, wophunzira, wamkazi, kuvomera chinthu pa funso loyamba, pamaso pa Mfumu ndi alendo, zimenezo anali asanazionepo. Mkazi wa nduna ina anaphimba maso a mwana wake. A Tengani anagwa mphwayi, poona kuti anthu akayamba kutero ntchito yawo yatha.

"Dyera," inanong'ona Nduna ya Zaumoyo, ndipo mawuwo anayenda m'bwalo lonse.

Pulofesa Kamame anaoneka wachisoni zedi. Anati iye sangalowerere pa miyambo ya eni dziko, chifukwa amailemekeza kwambiri.

Mlandu unazengedwa pompo, poti oweruza onse analipo kale, ndipo onse anali eni pepala.

"Mayi iwe," inatero Mfumu, "unaleredwa ndi anthu?"

"Ndi azakhali anga, Mfumu. Anandiphunzitsa kukana kawiri. Koma anandiphunzitsanso kuti wofunsa amafunsa katatu. Theka limenelo la mwambo linapita kuti?"

"Funso limenelo ndi la kafukufuku," inayankha Nduna ya Zaumoyo. "Tidzaitana alendo adzalifufuze."

Mfumu inafuna mboni. Anaitana a Kandulu, amene anakankha naye galimoto m'matope.

"A Kandulu, mayiyu akuti ntchito yonse anagwira ndi iye pamodzi ndi inu. Zoona?"

A Kandulu si munthu woipa. Ali ndi ana asanu ndi nyumba ya sukulu. Ndipo kunena zoona, funsolo linali lovuta kwa munthu wolereka, chifukwa kuvomera kukanakhala kudzitama. Anayang'ana pansi, n'kupotokola chipewa.

"Mfumu, ife tinkangothandizako."

"Achimwene," anatero Dokotala Chimwaza motsitsa. A Kandulu sanadzutse mutu.

Chigamulo chinali chachifupi. "Mwana wa dziko lino amakana," inatero Mfumu. "Amene sakana si wa kuno. Ndipo amene si wa kuno sangakhale pa pepala ngati mwana wa kuno. Apite kwawo."

"Kwathu ndi kuno, Mfumu."

"Kunali."

Ndipo Mfumu Sainani Wachitatu inasaina, mosangalala, ndi cholembera chimene inasunga zaka zambiri.

M'mawa mwake nkhani inali ponseponse pa Msika wa Tingotero. Wogulitsa makala anati mayiyo anachita bwino, koma akanayamba wakana pang'ono. Mayi wa tomato uja anati iye anaziona kale, munthu wokonza Chingerezi cha abusa sathera pabwino. Telala wina anati vuto ndi sukulu, mkazi akaphunzira kwambiri amayamba kufuna zinthu zake zomwe. Onse anagwirizana kuti dziko laipa, kenako anafunsana mtengo wa anyezi.

Edesi anatseka benchi, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku la maliro a Mfumu yakale, n'kuperekeza mnzake ku depoti. Basi yopita kumalire inali yodzaza ndi anamwino. Ambiri anali ophunzira a Dokotala Chimwaza, ndipo anamupatsa mpando wa pawindo. Anaulandira pa funso loyamba.

"Ndine ndinakuuza kuti utsegule chitseko," anatero Edesi pawindopo. "Sindinadziwe kuti n'chotulukira."

"Ukanadziwa ukanandiletsa?"

"Ayi. Tenga usipawu. Ndakulungira m'nyuzi wamba, usaope."

Pepala lachiwiri linatuluka Disembala isanafike. Mayina anadzaza tsamba loyamba lonse, ndipo la Mfumu linali lokha pa tsamba lomaliza, pambuyo pa Kuthokoza. Dokotala Chimwaza analimo ndithu. Pulofesa, pokhala munthu wosataya kanthu, anaika mawu amene mayiyu analankhula m'bwalo monga chitsanzo cha kukhumudwa kwa ogwira ntchito zaumoyo. Pansi pake analemba kuti: mphunzitsi wamkazi wa zaka zapakati, dzina tabisa pofuna kumuteteza.

Zaka zinapita. Sukulu ya Anamwino inachotsa aphunzitsi onse opanda mayina, n'kutsala ndi a Kandulu ndi mkulu wa sukulu. Anamwino anapitiriza kuthawa, ndipo alendo anapitiriza kubwera kudzafunsa otsalawo chifukwa chake, mpaka zinafika poti pa chipatala china ofufuza ankachuluka kuposa ofufuzidwa, namwino mmodzi n'kumawapatsa manambala a pamzere.

Chaka chimene ine ndinabwerera, ndinapeza mzinda wa Landirani utakongoletsedwa. Ana a sukulu anandandalika m'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege, mbendera zili m'manja. Kunkabwera mlendo wamkulu, pulofesa wa ku yunivesite ina ya Kutsidya, katswiri wodziwika pa nkhani ya kuthawa kwa anamwino a ku Mlendoadye. Atatsika ndege, anali Velonika Chimwaza, atavala jasi la ubweya dzuwa likuswa mtengo.

Panalibe amene anachita manyazi. Chigamulo cha Mfumu chinati si wa kuno, ndipo amene si wa kuno ndi mlendo. Nduna ya Zaumoyo inamulandira ndi manja awiri, n'kunena kuti ufumu wakhala ukusowa nzeru ngati zake. Mfumu inamuonetsa mwambi wa pachipata. Anamupatsa chipinda chabwino pa hotela ija ya madzi otentha, ndipo malo oyamba pa pepala anali ake asanawapemphe. Anangomuchenjeza mwaulemu kuti asakhalitse, poti mlendo akagonera nyengo yonse amasanduka wa kuno, ndipo amayenera kuyambanso kukana.

Ntchito ya kumidzi inagwiridwa ndi a Kandulu, tsitsi litayera, akukankha galimoto okha. Lamulo la sukulu linali litakhwima. Pepala la nkhuku lija linali litakalamba, ndipo mkulu wa sukulu anawauza kuti pakufunika latsopano chaka chisanathe.

Edesi anakumana ndi mnzake kamodzi, pa geti la hotela, chifukwa mlonda sanalole fungo la usipa kulowa.

"Wanenepa, Velo. Kapena ndizinena kuti a Pulofesa?"

"Nena chimene ukufuna. Ukudziwa kuti kumeneko ndimaphika ndekha, ndimadya ndekha, ndipo palibe amene amandifunsa ngakhale kamodzi?"

"Koma dzina uli nalo."

"Dzina ndili nalo."

"A Kandulu akudikira Disembala," anatero Edesi. "Anabwera kudzandifunsa ngati pa benchi pali malo."

Pulofesa Chimwaza anatembenuka. Anayang'ana msewu pamene phula limathera.

Tsiku lonyamuka, a Kandulu anabwera ku hotela ndi mafayilo onse, atawamanga bwino ndi chingwe. Anakhala pakhonde lomwe lija, pa mpando womwe uja. Panja galimoto yopita ku bwalo la ndege inali italiza kale injini.

"Achimwene," anatero Pulofesa Chimwaza, "mwagwira ntchito yaikulu zedi. Kodi mungakonde kuti dzina lanu likhale pa pepalali?"

A Kandulu anaika chipewa pamtima. Anatsegula pakamwa, ngati pali mawu ena amene akulimbana kuti atuluke. Koma munthu wa zaka zimenezo sasintha m'mawa umodzi.

"Aa, musavutike, Mayi. Ife tinkangothandizako."

Anakhala tsonga, akuyang'ana pakamwa pake. Mayiyu anali mwana wa kuno, woleredwa ndi azakhali a chigwirizano. Mwambo ankaudziwa mbali zonse ziwiri.

Pulofesa Chimwaza anawayang'ana. Kenako anakokera mafayilo aja kwa iye.

"Mawu amenewo ndikuwakumbuka," anatero. "Mumwa tiyi kapena khofi?"